Mabotolo a Mvula ya Januwale

Kusukulu kumene ndinakulira, kufupi ndi Nsaru, belu linali limu yakale ya tayala la lole yopachikidwa mumtengo wa mango. Akaimenya ndi chitsulo, phokoso lake linkalowa mpaka m'mano. Likamazirala, ndinkamva kaphokoso kena kakang'ono kochokera m'kalasi ya Sitandade 6, mabotolo akugundana pathabwa la pawindo ngati akuyankha. Dzinja limenelo ndinali m'kalasi imeneyo, ndipo mphunzitsi wathu wa masamu anali ababa.

Tinkakhala m'nyumba ya aphunzitsi, kuseri kwa tchalitchi. Ababa anali munthu wamtali, wa choko mpaka m'tsitsi, ndipo akangotsokomola kamodzi kalasi yonse inkakhala chete ngati ili m'pemphero. Koma akafika pakhomo, amayi n'kungoti "Aphunzitsi, nsapato panja," munthu woopsa uja ankawerama n'kuvula nsapato osatsutsa. Chaka chimenecho anaganiza zotiphunzitsa masamu ndi mvula. Anazika mtengo pakati pa bwalo n'kukhomapo chitini, kenako anakapempha kugolosale mabotolo a zakumwa obenthuka kukamwa, amene ogulitsa zakumwa ankawakana. Tsiku lililonse la Januwale linali ndi botolo lake. M'mawa ndinkathira madzi a m'chitini m'botolo la tsikulo n'kutseka ndi kachitsononkho kosema. M'chitini mukakhala mouma, botolo linkatsekedwa chimodzimodzi n'kukaima pamzere ndi anzake. Ntchitoyi inagwera ine chifukwa Loweruka ndi Lamulungu ndinkakhala pomwepo.

Sabata yoyamba kunagwa mvula imene sindinaionenso chiyambire. Malata ankalira mpaka ababa anasiya kulankhula n'kumangolemba pabolodi. Madzi ofiira anadutsa pabwalo atanyamula masilipasi a ana, chimbudzi cha anyamata chinatitimira, ndipo achule a kudambo ankaimba masanasana. Mabotolo atatu kapena anayi anadzaza mpaka m'khosi. Ndinkawayang'ana monyada ngati mvulayo ndagwetsa ndine.

Kenako kumwamba kunatseka. Ng'amba inayamba mwaulemu, tsiku limodzi la dzuwa limene amayi anayamikira chifukwa zovala zinauma. Linatsatira lina, linanso, mpaka nyenje zinayamba kulira ngati mu Okutobala. Msewu unabwerera kufumbi, ndipo fodya wa matenanti a pa esiteti yoyandikana nafe ankagwetsa masamba dzuwa lisanafike pamutu. M'mawa uliwonse ndinkapendeka chitini, n'kugwamo kanyerere kapena tsamba louma. Ndinkachita manyazi kulowa m'kalasi ndi botolo lopanda kanthu.

Munda wathu unali kumtunda, padothi lamchenga, ndipo munali chimanga cha makolo. Mbewuyo inachokera ku Kabudula, kwawo kwa amayi. Agogo anga, amayi awo, anali atamwalira chilimwe chapitacho, ndipo maliro atatha amayi anatsitsa ngala zomaliza zimene zinali padenga la khitchini, zakuda ndi mwaye, n'kubwera nazo atazimanga pachitenje. Anadzala zonse osasungako. Chinali chimanga cholimba, chosafumbwa msanga, cha ufa wonunkhira, ndipo popalira amayi ankachiyankhula chapansipansi. Tsopano masamba ake anali atapindika ngati a anyezi, ndipo chinayamba kutulutsa ngayaye chisanandipitirire m'mapewa.

Anzathu oyandikana nawo anayamba kuzula chimanga chofota n'kuunda mizere ya mbatata, kuti mvula ikangobwerera abzale. Mbewu ya mbatata inali kutha m'madimba, anthu akulimbirana. Ngakhale ine ndinkadziwa kuti tikachedwa titaya zonse ziwiri, ndipo nkhokwe yathu inali itatsika kale. Tsiku lina ababa anayesa kuitchula nkhaniyi akutsuka m'manja, maso ali m'beseni.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero amayi. "Alangizi a zaulimi anena okha kutchalitchi kuti mvula ya mwezi uno, pa avereji, siikusiyana ndi ya zaka zonse. Kodi avereji si mawu anu omwe, aphunzitsi?"

Ababa anapukuta manja n'kutuluka.

Loweruka la kumapeto kwa mwezi anabwereka wilibala ya kusukulu, ndipo tinakankha mabotolo onse mpaka kunyumba, titayika udzu pakati kuti asasweke. Amayi anali pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Anatiyang'ana ngati tabwera ndi zinyalala, koma anasendeza miyendo kuti tipeze malo. Tinawandandalika m'mphepete mwa khonde.

"ANabanda, tithandizeni samu iyi," anatero ababa, kuwaitana amayi ndi dzina la mfunda wawo monga ankachitira akafuna kupempha chinthu. "Pamene ife timangoti avereji, Achingerezi ali ndi mawu atatu, ndipo sanena chinthu chimodzi. Tayang'anani, mabotolo ochuluka ndi otani?"

"Opanda kanthu," anatero amayi, dzanja lili m'nyemba.

Ababa anati ameneyo ndiye mode, tsiku la mtundu umene wabwera kawirikawiri. Kenako anandiuza kuti ndiwaimike ngati ana pamzere wa m'mawa, kuyambira ouma, kubwera a timadzi tochepa, mpaka odzaza aja kumapeto. Iwo anayambira mbali imodzi, ine mbali ina, aliyense akukhudza botolo limodzilimodzi, mpaka zala zathu zinakumana pabotolo lapakati. Ameneyo anali median, tsiku limene theka la masiku linaliposa kapena kufanana nalo, theka lina osalipitirira. Ababa analitsegula n'kulizondotsa padzanja la amayi, ndipo simunatuluke ngakhale dontho.

Zimene anachita pambuyo pake ndi zimene zinandilanda mawu. Anatenga beseni n'kukhuthuliramo mabotolo onse amene anali ndi madzi. Mvula ya mwezi wathunthu, ija inamiza chimbudzi ndi kunyamula masilipasi, inakhala phee m'beseni limodzi, ikununkhira chitini ndi dothi. Anatenga kapu yaing'ono n'kuyamba kugawira botolo lililonse mofanana, apa kuwonjezera, apo kuchepetsa, atagwada pansi ndi buluku lawo labwino. Atamaliza, palibe botolo limene linatsala louma. Lililonse linali ndi madzi okwana ngati zala ziwiri, ndipo dzuwa la masana linadutsa m'magalasi n'kuyala mzere umodzi wowala kuchokera kumapeto a khonde mpaka kumapeto ena.

Ndinachita mantha osakanikirana ndi chimwemwe. Masiku onse aja amene ndinawanyamula ouma, ndi manja angawa, tsopano anali ndi mvula. Ndinkaona mwezi umene kunkawaza pang'ono tsiku lililonse, dothi lofewa, chimanga chobiriwira mpaka kudera. Ndinayang'ana ababa ngati ndikuwaona koyamba, ndipo ndinaopa ngakhale kupuma pafupi ndi mabotolowo.

"Iyi ndiye mean, avereji imene ananena alangizi," anatero ababa motsitsa mawu. "Sananame. Madzi anagwa okwanira ndithu. Koma mwezi mukuuonawu sunafike m'munda mwathu."

Amayi anayika lichero pansi. Anayang'ana mzere uja nthawi yaitali, kenako anakhudza botolo limodzi ndi chala ngati akukhudza tsaya la mwana.

"Mwezi wokongola, eti," anatero. "Chikanabereka ziwiriziwiri."

Misozi inatsika osaipukuta. Sanalire mokweza. Patapita kanthawi amayi anaimirira, anamanga chitenje molimba, n'kundiuza kuti, "Esinati, kanditengere khasu."

Mzere woyamba anazula okha, ndipo anakana kuti wina awathandize. Mapesi ankatuluka mosavuta, mizu yake yaifupi, ndipo munda wonse unkanunkha ngati udzu wofunditsa. Anangosiya mapesi ochepa ozungulira chulu cha kumunsi, pamene dothi linali lakuda ndipo masamba anali asanafe. Madzi a m'mabotolo aja anawabwezera m'beseni, anawasenza pamutu, n'kukawathira pachulupo pang'onopang'ono. Mawa lake, titatuluka m'tchalitchi, ababa anapalasa njinga kukafuna mbewu ya mbatata kwa mkulu wa mpingo wina amene anali ndi dimba, ndipo anabwera ndi mitolo yomaliza.

Mvula inabwerera mu Febuluwale. Chaka chimenecho tinadya mbatata yophika, yootcha, ya futali, mpaka ine ndinalumbira kuti ndikadzakula sindidzaigula, lumbiro limene ndinaliswa kalekale. Sitinagone ndi njala. Pachulu panatuluka ngala zochepa, zazing'ono, za mano otalikirana, ndipo amayi anazipachika padenga la khitchini yathu osalola kuti wina aotcheko.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti tsiku lija ababa ankaonetsa mphamvu zawo. Ndinkaganiza kuti munthu wodziwa kugawa mvula mofanana chotere, Mulungu akanangomufunsa nzeru, kwathu sikukanakhala ng'amba. Ndili wamkulu tsopano, ndi banja langa, ndimakumbukiranso china chimene nthawi imeneyo ndinachiona koma osachimvetsa: kapu ija inkagunda pakamwa pa mabotolo, madzi ena n'kumatayikira pabuluku. Masamu aja ababa ankawadziwa ine ndisanabadwe. Chimene sankadziwa ndi mmene angauzire mkazi wawo kuti chimanga cha mayi ake chafa, n'chifukwa chake anakankha mwezi wonse pawilibala kuti ukanene wokha.