Batire la Galimoto Yanga ndi Dzina la Mlamu Wanga

Chaka chimene ndinanena mlamu wanga kuti ndi wakuba, mwera unayamba msanga. Ife a ku Malindi kuzizira sitikudziwa kwenikweni, koma Juni akafika, mphepo ija ikayamba, munthu umadzuka zala zili gwa. Nthawi imeneyo ndinkayendetsa kagalimoto kanga konyamula anthu kupita ku boma la Mangochi, ndipo kanayamba khalidwe lachilendo. Lero kalira bwinobwino, mawa ukapotoza kiyi kangoti tha! kenako zii. Dzuwa likakwera kankalira ngati sikanalakwe kanthu, anthu anga atakwera kale za ena.

Ine mtima wanga ndi wapachala, zimenezo sindikana. Galimoto ikakana ndinkatsegula boneti, kutenga sipanala n'kumenya pamutu pa batire uku ndikutukwana. Nthawi zina inkaliradi ndikatero.

Mlamu wangayo, mlongo wake wa mkazi wanga, ankakhala nafe m'kanyumba ka kuseri chimwalirireni mkazi wake. Ntchito yake ndi usiginala: amakhala m'bwato ndi nyali, kukopa usipa kuti ulowe mu ukonde waukulu wotchedwa chilimira. Masiku ano nyalizo ndi mababu oyaka ndi batire. Chinkamudyetsa ndi dzina lake, chifukwa eni maukonde ankamusiyira mababu ndi mabatire awo osamulondalonda.

Anali atandipemphapo kamodzi kuti ndimubwereke batire la galimoto, ine n'kukana. Komanso boneti yanga sinkatsekeka, aliyense akanatha kuitsegula. M'mutu mwanga mlandu unatha wokha: amazula batire madzulo, kukagwirira usipa, n'kudzabwezera m'mawa moto utatha.

Lachitatu lina galimoto inakana anthu atakhala kale m'kati. Sindinafunse munthu. Ndinatsetserekera kudoko, kumene amuna anali atakhala pamchenga kusoka maukonde.

"Alamu, mwalawira!" anatero atandiona, akuseka. "Ngolo yanu yakananso? Tibwere tikankhe?"

"Iwe usandiseke. Batire langa umapita nalo kuti usiku?"

Ndinati "iwe" kwa munthu wamkulu kwa ine, pamaso pa anzake.

"Ukudya kwanga, ukugona kwanga, n'kumandiberanso! Wakuba iwe!"

Anaika pansi ulusi umene ankasokera. "Walahi, alamu, galimoto yanu ine ndimaigwira poikankha basi."

Tsiku lomwelo ananyamula mkeka wake kukakhala kwa mnzake. Mkazi wanga ankandiikira madzi osamba osandiyang'ana kumaso. Sabata isanathe, mwini chilimira anamuuza mlamu wanga kuti ayambe wapuma kaye.

Ine ndinamangirira boneti ndi tcheni ndi loko. Masiku awiri galimoto inalira, ndipo ndinkayenda chifuwa chili patsogolo. Tsiku lachitatu, tha! zii. Loko ili chitsekere, kiyi wake ali m'thumba mwanga.

Ndinapita kwa makanika wina wachikulire wa kwa Mponda. Anakana kuigwira masana. "Matenda am'mawa timawaona m'mawa, achimwene. Pano yafunda, itinamiza." Mawa lake anafika panjinga yamoto atangochoka kumzikiti, atavala chijasi chofika m'maondo.

Anayeza batire ndi kamakina kake. Linali lodzaza. Anandiuza kuti ndiyatse magetsi akutsogolo, kenako ndipotoze kiyi. Magetsi anazima nthawi yomweyo.

"Moto ulipo, koma ukusowa njira," anatero.

Anagwira kachitsulo komanga waya kumutu wa batire, kamene iwo amati theminolo, n'kukapotoza ndi zala ziwiri zokha. Kanazungulira. Atakachotsa, kunsi kwake kunali mng'alu, ndipo m'kati munadzaza ufa woyera wobiriwirako.

"Kukazizira oyilo amalimba, injini imafuna moto wambiri kuti itembenuke. Podutsa pake ndi apa, pong'ambikapa. Kukatentha imanyengerera, n'kudutsa." Anakayang'anitsitsa kachitsuloko. "Koma zipsera izi si za dzimbiri. Amamenya apa ndani?"

Ndinayang'ana sipanala yanga, imene inali pomwepo pambali pa injini.

"Ndine."

Anamanga theminolo yatsopano. Galimoto inalira kamodzi n'kamodzi. Akupukuta m'manja anandifunsa motsitsa mawu, ndipo ndinadziwa kuti nkhani ya kudoko inamupeza.

"Masiku amene inkakana aja, nyanja inkakhala bwanji?"

"Mwera."

"Nanga mwera ukamawomba, amalowa panyanja ndi nyali ndani?"

Ine wobadwira m'mbali mwa nyanja, wopita kusekondale, sindinaganize zimene mwana aliyense wa kwathu amadziwa. Lachitatu lija amuna aja ankasoka maukonde pamchenga chifukwa panali patatha masiku atatu bwato lililonse lisanakhudze madzi. Ndinaziona ndi maso anga, koma mkwiyo unali utanditseka m'mutu.

Mkazi wanga nditamuuza sanakuwe. Anangoti, "Munawatukwanira pagulu. Musakawapepesere kuseri."

Ndinapita kudoko m'mawa womwewo, kachitsulo kaja kali m'manja. Ndinagwada pamchenga, ine amene sindinagwadirepo munthu chikwatirireni, n'kufotokoza zonse mokweza mawu. Wina kumbuyo anati, "Ndiye wakuba uja ndi sipanala?" Anthu anaseka. Mlamu wanga sanaseke.

"Ine ndamva," anatero. "Koma amene akufunika kumva ndi eni chilimira. Kawauzeni momwe mwanenera pano."

Atatero anatambasula dzanja. "Kachitsuloko musataye. N'kolemera bwino, ndimangirira ku ukonde."

Kwa mwini chilimira ndinapita, ndipo mwera utaleka mlamu wanga anabwerera m'bwato ndi nyali zake. Koma m'kanyumba ka kuseri sanabwereremo. Pano timasungiramo matayala akutha.

Galimoto ija sinakanenso, ngakhale kuzizire bwanji. Tikakumana pamsewu amandipatsa moni mwaulemu wonse, dzanja pachifuwa: "Mwadzuka bwanji, bwana?" Kale akanati, "Alamu, ngolo ija yalira lero?" Ndimayankha moniwo, n'kuyang'ana chiwongolero.