Makhololo Obwereka

Zinayamba Lolemba lachiwiri la mwezi wa June, nthawi itangokwana 10 koloko m'mawa, pamene namwino wachilendo analowa mu wodi ya amuna atanyamula mafayilo ndi timabotolo. Akulu anga, oyamba kubadwa m'banja mwathu, anali atagona m'wodimo masiku asanu. Chipatalacho sinditchula dzina. Ndi cha mu Mzuzu momwemuno, ndipo anthu ake ndimakumana nawo kumsika.

Akulu anali atatha thupi. Ankatuluka thukuta m'chisanu cha June, ndipo ankatsokomola chifuwa chouma chosatulutsa kanthu. Aliyense ankati ndi TB, koma panalibe wolemba zimenezo papepala. Makina oyezera makhololo analipo pachipatalapo. Zoikamo zake ndi zimene zinali zitatha, ndipo tsiku lililonse ankatiuza kuti zili m'njira kuchokera ku Lilongwe. Msewu umenewo ndimaudziwa. Ngakhale lole yodzaza simenti imafika tsiku lomwelo.

Owadikirira tinalipo awiri. Alamu anga, akazi awo, ndi mayi wa ku Nkhata Bay amene amagulitsa nsomba ku Mchengautuwa. Iwo ankagona kushedi ya magadiyani n'kumawaphikira. Ine ndimasunga katundu m'sitolo ya zitsulo, ndipo ndinali nditapempha tchuthi kuti ndizibwera m'mawa uliwonse kuchokera ku Katawa. M'banja mwathu wa Folomu 4 ndine, choncho pepala lililonse la chidindo limadikira ine.

Namwino uja anati ndi wa kafukufuku wa TB. Anafotokoza m'Chitumbuka, n'kubwerezanso m'Chichewa. Amene alowe m'kafukufukuyo ayezedwa ndi makina awoawo, zotsatira zake mawa lake, ndipo agona m'kachipinda ka pambali pa wodi. Kachipindako tonse tinkakadziwa, chifukwa kanali ndi windo loyang'ana kwa ife. Munali mabedi asanu ndi limodzi, lililonse mabulangete awiri. M'mawa ankalandira dzira. Dokotala wa mmenemo ankakhala pansi, n'kufunsa wodwala mmene wagonera, n'kudikira yankho. Wathu ankadutsa ngati munthu amene basi ikumusiya.

Fomu yawo inali ya masamba ambiri, ndipo ndinawerenga onse. Pena panalembedwa kuti kulowa kapena kukana sikusintha chisamaliro chimene wodwala amalandira. Chiganizo chimenecho ndinachiwerenga kawiri, kenako ndinayang'ana pawindo paja.

Zofunika zinali zitatu: munthu asakhale wokalamba kwambiri, asakhale woti anamwapo kale mankhwala a TB, ndipo apereke makhololo. Ziwiri zoyambazo akulu anakhoza ali chigonere. Chachitatu chinatigwira. Tinawamwetsa madzi otentha a mandimu. Tinawafukiza masamba a bulugamu. Ndinawamenya kumsana mpaka anandifunsa ngati ndikubwezera za paubwana. M'kabotolo munkangogwa thovu.

"Adada, awa ndi malovu," anatero namwino Lachiwiri. "Ife tikufuna za pansi. Bedi latsala limodzi, ndipo Lachisanu titseka."

Pabedi loyandikana ndi la akulu panagona madala ena amene kale ankacheka matabwa ku Chikangawa. Iwowa za pansi anali nazo zosasowa. Ankalavulira m'chitini chimene akazi awo ankakhuthula kangapo patsiku. Ndi iwo amene anayamba kukweza mkono Lolemba lija, koma anakanidwa, chifukwa zaka zinali zambiri ndipo anali atamwapo kale mankhwala a TB kawiri konse.

"Ine mayeso ndinakhoza mopitirira," ankatero, "ndiye sukulu yandikana."

Lachitatu m'mawa alamu anandikokera kuseri kwa wodi. Anamasula nsonga ya chitenje, n'kutulutsa kabotolo. Kanali kodzaza pafupifupi theka.

"Atsokomola?" ndinafunsa.

"Alamu, mafunso achuluka. Lembani dzina."

"Ndi a ndani?"

"Ndi a TB. Iwo akufuna TB, eti? Akulu anu ali nayo, madala aja ali nayo. Kapena TB imayenda ndi chiphaso?"

Anali atapempha kwa akazi a madala aja. Kushedi amayi amaphika pamoto umodzi ndipo amabwerekana chilichonse: mchere, mpeni, makala, sopo. Mnzako akasowa chinthu chimene iwe ukutaya, sum'mana. Mayiwo akuti anadabwa kuti alamu achita kupempha mwaulemu chonchija.

Ndinati kafukufuku ndi sayansi, ndipo sayansi siyenda motero.

"Sayansi yanuyo idzawapeza atazizira," anatero alamu. "Inu mumagona ku Katawa. Ine ndimawamva akupuma."

Ndinatulutsa cholembera. Ndimalemba bwino, aphunzitsi ankandiyamikira. Ndinalemba dzina la akulu, tsiku ndi nthawi, ndipo nambala ndinaifananitsa kawiri ndi ya pafomu kuti pasakhale cholakwika.

Namwino anakweza kabotoloko kuyang'ana kuwala, n'kumwetulira. "Awa ndiye makhololo! Yewo chomene, adada, mwalimbikira." Akulu, amene sankadziwa kanthu, anavomera kuyamikirako modzichepetsa. Masana omwewo anawasamutsira m'kachipinda kaja kuti adikirire zotsatira. Nditawasiya madzulo anali atafunda mabulangete awiri mpaka m'makutu.

Lachinayi m'mawa, akulu atangomaliza dzira lawo, munalowa anthu atatu atavala mamasiki othina, aja osiya mizere pamasaya. Anali namwino uja, dokotala wa kafukufuku ndi mnzake. Anaitana ine ndi alamu ku kaofesi kawo.

Dokotala anati TB yapezeka, koma si TB wamba. Ndi ija yosamva mankhwala. Kafukufuku wawo sanali wa mtundu umenewo, choncho akulu atuluka m'kafukufukuyo. Apita kuchipinda cha okha kumapeto kwa chipatala, ndipo 2 koloko masana ayamba mankhwala ena amphamvu, a miyezi yambiri, amene ngakhale munthu wathupi amamugwedeza. Anatchula zimene mankhwalawo angachite ku chiwindi ndi ku mtima. Ine ndinkaganiza za akulu, amene ndinkawanyamula ndi mkono umodzi popita nawo kubafa.

"Anayamba amwapo mankhwala a TB, ngakhale masiku ochepa?"

"Yayi," anatero alamu.

"Kunyumba kuli wina amene anadwalapo?"

"Yayi, adokotala."

Nkhope ya alamu inali ya Lamulungu m'mawa. Dokotala anatembenukira kwa mnzake, n'kunena m'Chingerezi kuti nkhaniyi ndi yosangalatsa kwambiri. Ankaganiza kuti Chingerezi chimathera pa khomo la ofesi yake.

Titatuluka alamu anandigwira mkono.

"Musanene."

"Alamu, si matenda awo."

"Nanga si mankhwala amphamvu? Apha zonse, zawo ndi za eni ake. Mukanena atithamangitsa, ndipo mnzanga uja ndimuyang'ana bwanji?"

"Mankhwalawo akawapha akulu, ine ndikuyang'anani bwanji?"

"Inu a Folomu 4, munalemba nokha. Ine ndinangonyamula."

Zimenezo zinali zoona. Ndinakakhala pabenchi ya panja kwa ola lathunthu. Kuntchito ndimabweza bokosi lonse ngati nambala yake yasiyana ndi ya papepala, ndipo anzanga amandida nazo. Ndinayesa kupeza njira yoti choonadi chituluke popanda ine kukhalapo. Sindinaipeze. Itakwana 12 koloko ndinagogoda pa kaofesi kaja.

"Sisita, makhololo aja si a akulu anga."

Namwino anaika cholembera pansi. "Analemba pabotolo ndani?"

"Ine."

"Mukudziwa mafomu amene ndilembe chifukwa cha inu?"

Ndinati sindikudziwa, koma ndikhoza kuthandiza kulemba. Sanaseke.

"Ndi a ndani?"

Ndinatchula madala a ku Chikangawa. Namwino anafunsa kuti madalawo agona m'wodimo nthawi yaitali bwanji. Ndinati milungu itatu. Apa ndiyenera kumuyamikira mayi ameneyu: sanayende, anathamanga.

Milungu itatu madala aja ankatsokomolera amuna odzaza wodi, magadiyani awo, anamwino ndi amayi a mapemphero obwera Lamulungu. Panalibe amene anawayeza, chifukwa zoikamo zinali m'njira. Tsopano pasanathe ola anali pa njinga ya odwala, atavala masiki, anthu anayi akuwaperekeza. Chifikireni sanaonepo ulemu wotero. Podutsa pamene ndinaima anakweza dzanja.

"Mwaona, ada? Andiyeza ndithu. Kungoti ndinachita kulowera pa dzina la mnzanga."

Akazi awo ankatsatira pambuyo ndi chitini chija ndi mtolo wa zovala. Alamu anawalandira mtolowo n'kuwasenzera mpaka kumapeto kwa khonde. Ine sanandiyang'ane.

Dokotala anandiitana ndekha. Anandiuza kuti kafukufuku amadalira kukhulupirika, kuti botolo limodzi labodza likhoza kuwononga ntchito ya anthu ambiri, ndiponso kuti ndikanapha m'bale wanga. Zonsezo zinali zoona, ndipo ndinamvetsera chipewa chili m'manja. Atamaliza ndinapempha kufunsa funso limodzi. Ndinati madala aja, pakanapanda bodza langa, akanayezedwa liti?

Anati funso limenelo ndi la chipatala, osati la kafukufuku. Masana ndinalifunsa kwa mkulu wa wodi. Anati ndi la ku Lilongwe.

Akulu anawabwezera mu wodi. Mabulangete awiri aja anatsala, chifukwa anali ndi chidindo cha kafukufuku. Bedi lawo lakale linali litapeza kale mwini wina, ndiye anawapatsa limene linali lopanda munthu, la madala aja, atalipukuta ndi mankhwala onunkha. Ndinawafotokozera zonse, osabisa mbali yanga. Anamvetsera maso ali kudenga.

"Ndiye kuti TB yoopsayo ndachira?"

"Simunadwale n'komwe."

"Iwe, usandichepetse. Ndadwala kuyambira m'mawa mpaka masana. Dokotala wakhala pabedi langa kawiri." Anatsokomola chifuwa chawo chouma chija. "Dzira lija linali labwino chomene. Ukanadikira la mawa."

Alamu anabwera ndi tiyi. Anathirira amuna awo, anathirira munthu wa bedi lotsatira amene sitinkamudziwa n'komwe, n'kutseka fulasiki.

Poweruka namwino uja anadzera kwa ife. Anati khomo la kafukufuku latsekeka, tisavutike n'kupempha. Koma popeza akulu anagona masiku ambiri pafupi ndi munthu wa TB yosamva mankhwala, tsopano lamulo linkafuna kuti ayezedwe msanga. Si iwo okha. Wodi yonse, ndi magadiyani omwe. Makina a kafukufuku, amene Lolemba anali a anthu osankhidwa, anali atavomera kuthandiza.

Kenako anakhala pa bedi, n'kuwaphunzitsa akulu pang'onopang'ono. Achite m'mawa kwambiri asanadye kanthu. Atsuke m'kamwa, apume mozama katatu, agwire mpweya, kenako atsokomole kuchokera m'mimba. Lolemba ananenapo zomwezi ataimirira pakati pa wodi, maso ali pa mafayilo.

"Ndipo ndikhalapo ndekha," anatero akuyang'ana ine. "Inu manja m'thumba."

Zimene makinawo anadzapeza ndi TB wamba. Akulu anamwa mankhwala a pawindo la aliyense miyezi isanu ndi umodzi, ndipo lero ali kwawo ku Msongwe, akukangana ndi anthu za mpira. Madala aja ndinamva kuti anatuluka akuyenda okha. Alamu anayambanso kundilankhula pa Khirisimasi. Koma tsiku limenelo zonsezi sitinkazidziwa.

M'mawa mwake ndinafika 6 koloko ndi madzi ofunda. Kunali nkhungu, ndipo kuseri kwa wodi kunali kale amuna ambiri, aliyense ndi kabotolo kake, atatalikirana ngati anthu odana. Ndinawakhazika akulu pa mpando n'kuwafunditsa jekete yanga. Namwino anaima chapatali atapinda manja. Akulu anapuma, natsokomola, napumanso. Zinatenga pafupifupi ola. Potsiriza munagwa kanthu kochepa, kosaposa njere ya nyemba. Namwino anayang'ana, n'kunena kuti n'kokwanira.

Ndinawabwezera akulu pabedi, ndinasamba m'manja, kenako ndinapempha kabotolo kanga n'kukaima kumapeto kwa mzere wa magadiyani.