Laputopu Imene Inandithamangitsa ku Nsungwi

Ndikukumbukira tsiku limene laputopu inalowa m'nyumba mwathu ku Nsungwi, ku Area 25. Anaitumiza ndi abambo aang'ono amene ankagwira ntchito ku Joni, ndipo inafika itakulungidwa m'bulangete ngati khanda. Inali yakuda, yolemera, yoti eni ake anatopa nayo, ndipo ukaiyatsa inkapuma kamphepo kotentha konunkha fumbi. Cham'mbali mwake munali kadi yochita kulowetsa, yosuzumira kunja pang'ono, yokhala ndi kagetsi kobiriwira kophethiraphethira. Abambo aang'ono anati kadiyo ndi yokokera intaneti ya mumphepo. Intaneti yoteroyo kwathu kunalibe, ngakhale kwa aneba, koma abambo anagamula kuti kadiyo ndiye mtima wa makinawo ndipo woikhudza adzaona zakuda.

Abambo anali dalaivala wa lole, munthu wosamala zinthu mpaka kunyanya. Mayunitsi a magetsi ankawalondera kuposa mmene ankatilonderera ife. Choncho anaika lamulo lakuti masana amayi azitchaja laputopuyo, ndipo iwo akaweruka ankazula chaja n'kumagwiritsa ntchito batire, ati kupulumutsa magetsi. Zoti magetsi omwewo ndi amene adzaza batire masana, panalibe wolimba mtima wowauza.

Ine monga mwana wachisamba, wa Sitandade 7, ndinaloledwa kuphunzira kutayipa pamene ikutchajidwa. Kwa ine inkathamanga bwinobwino. Koma abambo akangokhala pampando wawo, magalasi pamphuno, chaja atazula, makinawo ankasanduka nkhalamba. Akadina chilembo, chinkatuluka iwo atamwako kale tiyi. Kamuvi kankauma pamalo amodzi, m'kati mukungolira ngati chigayo chakutali.

Zinafika poipa Lamulungu lina ataitana anzawo akutchalitchi kuti adzaone zithunzi za ukwati wa mng'ono wawo. Alendo anadzaza pabalaza, mafuta onunkhira ali guu, maso onse pagalasi. Abambo atazula chaja monga mwa lamulo lawo, chithunzi choyamba chinatuluka theka, mkwatibwi wopanda mutu, n'kuima pomwepo. Mkulu wina anatsokomola n'kunena kuti ana amakono amalowetsa mavairasi ndi magemu awo. Anthu onse anatembenukira kwa ine.

Ndinafuna kudziyeretsa. Mawa lake abambo asanapite kuntchito ndinawaitana, chaja chili pakhoma monga mwa nthawi yanga, n'kutsegula zithunzi zonse zija mwamsangamsanga, mkwatibwi ndi mutu wake womwe. Ndinkayesa andiyamikira.

“Ohoo,” anatero abambo. “Ndiye kuti waiphunzitsa kumvera iwe wekha?”

Umboni wanga womwewo ndiwo unandimanga. Anati tauni yandiwononga, ndipo temu yotsatira ndikaphunzira kumudzi ku Ntcheu, kwa azakhali. Amayi atayesa kundipepesera, abambo anangoyankha kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ndinalira kuchokera pasiteji mpaka kupitirira Dedza. Sichinali chifukwa cha anzanga kapena mpira wathu wamapepala ayi. Chimene chinandipweteka n'chakuti abambo anga ankandiona ngati wabodza.

Ku Ntcheu kunkazizira moti zala zinkakana kugwira cholembera. Ndinaphunzira kukumba mbatatesi, kutunga madzi pamjigo, ndi kupirira ana ondiseka kuti ndine wa m'tauni wothawitsidwa ndi wayilesi. Kumbuyo kuno, monga anadzandifotokozera amayi, laputopu sinamve n'komwe kuti mdani wake wachoka. Inapitiriza kukwawa. Poyamba abambo ankati ndi zotsalira za vairasi yanga, zitha zokha ngati chimfine. Zitakana kutha, anaikulunga m'bulangete lake lija n'kupita nayo kwa wokonza makompyuta kumsika wa Nsungwi, amayi ali pambuyo.

Munthuyo analowetsa chaja, makina n'kuthamanga. Anazula, makina n'kuuma. Kenako anagwira kadi yopatulika ija ndi zala ziwiri n'kuisolola, abambo mtima uli m'mwamba. Laputopu inathamanga pa batire ngati yatsopano. Anawafotokozera kuti ikakhala pa batire imagoneka ziwalo zake zina kuti moto usathe msanga, koma kadiyo inkakana kugona, kalikiliki kufunafuna intaneti imene kunalibe. Ziwirizi zinkangokokanakokana, ntchito n'kuima.

“Nanga vairasi ya mwana wanga?” anafunsa abambo.

“Mulibe vairasi muno, madala. Makinawa ali bhobho. Kadiyi kaisungeni m'kabati.”



Abambo anabwera okha ku Ntcheu temu isanathe. Anandipeza ndikuchokera kumjigo, ndowa pamutu, miyendo yotuwa. Anangoti, “Longedza. Makina aja achira.” Pa Lizulu ananditsitsa n'kundigulira tchipisi chodzaza mbale, iwo osadyako, atangoima pambali n'kumafunsa ngati mchere wakwana. Mawu akuti pepa sanatuluke. Masiku amenewo wamkulu sankalakwa.

Lero zinthu zinasintha. Makadi otere sakuonekanso, intaneti ili m'thumba mwa aliyense, ndipo ana anga amanditsutsa pamaso, nthawi zina n'kukhala kuti akunena zoona. Foni yanga ikayamba kuchedwa, lilime limathamangira kutchula dzina la mwana, koma ndimaliluma kaye n'kufufuza. Abambo anapuma pantchito, maso ayamba kuchita chidima, ndipo chilichonse cha magetsi chikavuta amaitana ine. Mwezi wathawu anandipatsa foni yawo kuti ndione chimene chikuichedwetsa. Ndili mkati moitokosa, anandigwira pamkono.

“Sindikunena kuti ndiwe,” anatero motsitsa mawu. “Ngakhale nthawi ija sunali iwe.”

Foniyo ndinaikonza nditaweramitsa mutu kwambiri, kuti asaone nkhope yanga.