Kapepala ka Malume Aurélio

Malume anga Aurélio ndi telala ku Canongola, kuno ku Tete. Anzawo amati alfayati potengera Chipwitikizi, koma iwo dzina la utelala anabwera nalo kuchokera ku Malawi mu 1993, pamodzi ndi makina osokera omwe akupalasabe mpaka lero. Kwawo ndi ku Tsangano wa mbali ya kuno, osati wa ku Malawi. Ndi munthu wouma pakamwa, moti kasitomala akayamba kufotokoza za ukwati wa mwana wake, iwo amangoti, "Malaya kapena thalauza?"

Ine ndine Hermínia, mwana wa mlongo wawo. Ndimakolopa pa kiliniki ina ku Mpadue, zaka khumi ndi zinayi tsopano. Chaka chatha mabwana anamata chikalata pakhoma: aliyense wopanda setifiketi ya desima, kalasi ya khumi, ntchito yake itha mu Januwale. Ine desima ndinali nditalemba kale kawiri, ndipo kawiri konseko Historia inandigwetsa. Ana atatu, bambo palibe. Mantha anandigwira, sindinama.

Si kuti ndinali waulesi, ayi ndithu. Ndinali ndi makope asanu ndi limodzi. Zimene aphunzitsi a sukulu ya madzulo ankatilembetsa, zimene ndinakopera kwa mnzanga Isabel, za m'buku lobwereka, za pa foni, zonse ndinkalemba osasiyako kanthu. Koma pa mayeso funso likati fotokozani mwachidule, mutu wanga unkangodzaza ngati basi ya ku Moatize, osadziwa atsike ndani poyamba.

Loweruka lina ndinapita ndi yunifolomu yong'ambika kwa malume, makope ali m'thumba. Ndikudikira pa benchi, ndinayamba kuloweza mokweza. Kunja dzuwa la ku Tete likuwotcha monga mwa masiku onse.

"Ukuyimba nyimbo yanji?" anafunsa.

"Ndikuwerenga za prazo, malume."

"N'chiyani chimenecho?"

Ndinatsegula kope. Iwo analitseka ndi sizasi. "Ndafunsa iwe, osati kopelo. Ndiuze m'Chinyanja."

Ndinayamba, ndinapota, ndinatchula zaka, ndinabwerera m'mbuyo. Mpaka ndinakwiya. "Inu mumasoka mathalauza, za sukulu zikukhudzani pati?"

Anang'amba kapepala kolembapo miyezo, kakang'ono ngati zala ziwiri. "Zonse zili m'makope akozo zikwane apa. Ndani, anatani, chifukwa chiyani, zinatha bwanji. Chiganizo chimodzi. Zikakana kukwana ndiye kuti sunazimve."

Ha! Ndinaona ngati chipongwe. Koma ndinakhala pansi, ndinayala makope onse, ndipo ndinadabwa kuona kuti anayi ankanena chinthu chimodzimodzi m'mawu osiyana. Madeti ena anali ongokometsera. Nditafufuta kasanu, ndinawawerengera: "Prazo anali malo aakulu m'chigwa cha Zambezi amene mfumu ya Apwitikizi inkabwereketsa kwa anthu ake kuti agwire dzikoli, koma eni maprazowo anakula mphamvu ndi asilikali awo mpaka kusiya kumvera mfumuyo."

"Eya, tsopano ndamva ngakhale ine," anatero. "Kalembe m'Chipwitikizi kuseri kwake."

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinkapita ndi mutu umodzi. Malume sankadziwa mayankho, ndipo sankanamizira kudziwa. Ntchito yawo inali kukana basi. "Chatalika." "Wasiya chifukwa chake." "Mawu awa waba m'buku, sukuwadziwa." Masiku ena ndinkachoka nditatupa ndi mkwiyo, koma timapepala tinkachuluka m'chitini cha mabatani chimene anandipatsa.

Tsiku lina ndinawafunsa kumene anaphunzira nkhanza zimenezi. Anapitiriza kupalasa makina, kenako anayamba kulankhula osandiyang'ana.

Nthawi ya nkhondo yapachiweniweni iwo anathawira ku Ntcheu, mkazi wawo, amene ife timawatchula tiya Elena, atatsala kumudzi. Panali amalonda a njinga amene ankadutsa malire mozemba. Kalata yeniyeni sankalola kunyamula, kuopa kusechedwa m'njira. Ankalola kapepala kakang'ono kokha, ndipo malume ndi amene ankasokerera timapepalato m'kolala ya malaya. Anthu mazana anatumiza uthenga kudzera m'manja mwawo.

"Kapepala koyamba kanali kanga," anatero. "Ndinalemba moni, ndinafunsa za ana a achimwene, za mbuzi, ndinati ndakusowa. Malo anatha. Kumene ndinali sindinalembe."

Kapepalako kanadutsa m'manja atatu kasanafike. Tiya Elena anadziwa kuti mwamuna wawo ali moyo ku Malawi, koma Malawi yake iti? Anawoloka n'kulowera ku Dedza, kumene anthu ambiri ankapita. Anafunafuna miyezi isanu, ndipo anamwalira komweko ndi kolera. Malume anamva patapita chaka.

"Kuchokera apo aliyense wobwera ndi uthenga ndinkamuuza kuti ayambe ndi chimene winayo akufunika kudziwa. Moni adzapatsana akakumana."

Tsiku limenelo sindinakangane nawo.

Mayeso tinalemba kumapeto kwa chaka. Funso lililonse ndinkayamba ndi chiganizo changa chimodzi, kenako n'kuwonjezera pang'ono zimene ndinkakumbukira. Kanali koyamba kumaliza nthawi isanathe.

Zotsatira zitamatidwa pa sukulu, ndinakwera njinga yamoto mpaka ku Canongola. Ndinalowa ndili wefuwefu. "Malume, ndinadzuka m'mawa, ndiye Isabel anandiimbira kuti mapepala amata, koma ine nsapato sindinkaziona, ndiye pofika anthu anali atadzaza..."

"Hermínia," anandidula. "Chimodzi."

Ndinapuma. "Ndakhoza, ntchito yanga ilipo."

Makina anaima. Malume anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi kansalu kotsala pa thalauza la munthu.

"Waona, mawu anayi okha," anatero. "Anga akanangokhala atatu: ndili ku Ntcheu."