Bodza la Mayi Gertrude ndi Lole ya ku Chileka

Pamaliro a mayi Gertrude analankhula anthu ambiri, ena oti sanamwepo n'madzi omwe pakhomo pawo. Onse ankati malemu sankanama. Ndinangotsala pang'ono kuimirira. Mayi aja anali katswiri wa bodza, ndipo kuwalanda ulemu umenewo ndi chipongwe.

Anali mayi wamfupi, wamawu aakulu, wogulitsa zitumbuwa pa Lirangwe. Masiku a sikelo ankathandiza a Potiphar, wazaumoyo wa m'dera lathu, kupachika ana pa mbedza. Sankalandira kanthu, koma ankalamula ngati chipatala n'chawo.

Chaka chimene nthomba inavuta, ine ndikuphunzitsa pa pulaimale, a Potiphar anabwera ndi katemera. Amayi akangoona njinga yawo ankabereka ana n'kulowa m'chimanga. Kunali mphekesera yoti mwana wotemeredwa sadzabereka. Ana awiri a m'kalasi langa tinawaika m'manda, koma chimanga chinkangodzazabe.

Nthawi imeneyo mlendo wamkulu akamatera pa Chileka, lole inkabwera kudzatenga amayi okavina ku bwalo la ndege. Kusakwera lole kunali kudziitanira mafunso, ndipo mafunso a masiku amenewo sankathera pakhomo.

Tsiku lina amayi akuyeserera nyimbo, mayi Gertrude anaomba m'manja.

"Azimayi anzanga, lamulo lachokera ku likulu la chipani. Mayi amene ana ake sanabayitse katemera sakwera lole. Akuti tingapatsire alendo matenda."

"Wanena ndani?" anafunsa mayi Sikina, mkazi wa telala.

"Mukufuna dzina, asisi? Tiyeni ndikuperekezeni mukafunse nokha."

Mayi Sikina anati ayi, amangocheza.

M'mawa mwake mzere unayambira pakhonde la sikelo mpaka pa chigayo. A Potiphar ankabaya akuyang'anayang'ana kumsewu, chifukwa ankadziwa kuti lamulolo linaphikidwa pamodzi ndi zitumbuwa. Kunamizira chipani sinali nkhani ya chindapusa. Munthu ankakwezedwa galimoto, abale n'kuopa ngakhale kufunsa kumene wapita.

Dzuwa litakwera anatulukira a Lyford, tcheyamani wa nthambi yathu ya chipani, munthu amene anandikakamizapo kugulira khadi mwana ali m'mimba. Kumbuyo kwawo kunali ayufi atatu, anyamata a chipani, zibonga m'manja. A Lyford analunjika kwa mayi Gertrude.

"Mayi inu, lamulo limeneli mwalitenga kuti?"

Mayi Gertrude anagwada bwinobwino, nkhope yodzaza chisoni, koma mawu anawakweza kuti amveke mpaka kuchigayo.

"Kalanga ine! A Tcheyamani, inuyo sanakuuzeni? A ku Lunzu anauzidwa, a ku Mdeka anauzidwa. Inu akudumphani bwanji? Mwalakwa chiyani, bambo?"

Ayufi aja anayang'anana, mmodzi n'kusuntha pang'ono kutalikirana ndi bwana wake. A Lyford anapukuta thukuta. Tcheyamani wodumphidwa ndi likulu anali munthu woti mawa lake sukhala naye pafupi m'basi.

"Ndani wati sanandiuze?" anakalipa. "Ine ndinamva inu musanamve! Ndikufunsa chifukwa chake mwalengeza ndisanakuloleni!"

"Pepani bambo, kupupuluma kwa ife azimayi."

"Chisachitikenso! Ndipo mzerewu ndi wokhota. Anyamata, ongolani! Ena lowani m'chimangamo, musasiye mwana!"

Pofika madzulo a Lyford anali atakoka ana awo asanu ndi mmodzi, akulira, kudzawabayitsa pamaso pa anthu onse.

Kumudzi kwathu nthomba sinatengenso mwana. Koma tamverani chimene chimandiwawa mpaka lero. A Lyford analikonda lamulolo, n'kumalibwereza pamsonkhano uliwonse, kuwonjezeranso ndime zawo. Akuluakulu a ku Blantyre atamva kuti nthambi ya Lirangwe yabayitsa ana onse, anawaitana n'kuwakweza udindo, ndi njinga yatsopano pamwamba.

Ndinapita kwa mayi Gertrude ndili ndi mkwiyo, ndikuti tiulule. Anandiyang'ana kwinaku akutembenuza zitumbuwa.

"Aphunzitsi, mukaulule kuti chiyani? Lamulolo lilipodi. Kafunseni a Tcheyamani, iwo anamva ine ndisanamve."