Nkhafi mu mgolo wa thobwa

Kwathu kuno ku Mauwa munthu amatha kubadwa mpaka kumera imvi asanakwerepo bwato. Madzi athu ndi a pamjigo ndi a kamtsinje kamene m'chilimwe ngakhale nkhuku imawoloka. Ndiye pamene mng'ono wanga anabwera ndi mwamuna wodzitcha katswiri wa mpikisano wa mabwato ku Nyanja ya Chilwa, mtima wanga unangoti uyu wabwera kudzatipusitsa ife a kumtunda.

Pamalo amene anatisiyira mayi tinatsala awiri, ine ndi mng'ono wangayo. Pali dimba losauma chaka chonse, limene tinkalima limodzi tomato ndi kabichi. Kwathu mwamuna ndiye amadzakhala kwa mkazi, ndipo akamwini obwereketsa madimba a eni ake ndinawaonapo ndi maso angawa. Sindinkakayika kuti chimene bamboyu ankafuna ndi dimbalo.

Anali mmisiri womanga nyumba, ndipo anakumana ndi mng'ono wanga ku Namitambo kumene ankagwira ganyu. Katundu wake anali njinga, kachikwama, ndi chimtengo chosema chofika pachifuwa, chophwatalala kunsonga, chimene anasungitsa m'nyumba ya mng'ono wanga. Iye ankati ndi nkhafi yopalasira bwato. Ine ndinkaona mthiko, wonga umene timatakasira thobwa pa ukwati.

"Alamu, mthiko wanuwu ngwabwinotu. Munagula msika uti?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Si mthiko uwu alamu, ndi nkhafi. Anasema ndi malemu bambo anga."

Wabodza aliyense amakhala ndi malemu wake amene sitingakamufunse.

Pakamwa ndiye panali posongoka. Masana tikamapuma pansi pa mango, ankagoneka mtondo n'kuukhalira, n'kumatisonyeza. Ankati kupalasa kwa mpikisano kuli patatu: kubaya madzi, kukoka, n'kuzula. Ukachedwa kuzula, nkhafi imakubweza m'mbuyo. Wakutsogolo amapereka liwiro, wakumbuyo amawongola, ndipo iye ankakhala kumbuyo. Kunalinso kuba poyambira, kumene ndi kunyamuka wenzulo isanalire. Kenaka kukwera funde, kutanthauza kuyenda pambali pa bwato la mnzako kuti madzi ake azikukoka iwe ukupuma. Mng'ono wanga ankamvetsera kukamwa kuli yasa. Ine zinkandinyansa, chifukwa mawu ochuluka chonchi munthu amawakonza akadziwa kuti pamudzi ponse palibe womutsutsa.

Ndinaganiza zomupezera womutsutsa. Pamsika wa ku Namitambo pali bambo ena achisilamu ogulitsa matemba ndi milamba youma ya ku Chilwa, amene ndakhala ndikugula kwa iwo zaka zambiri. Ndinawayalira mawu onse aja.

"Kubaya madzi? Kukwera funde? Mayi, ine ku Chilwa ndinayamba kupita kalekale, koma zimenezo sindinamvepo. Akukunamizani ameneyo," anatero akupima matemba.

Ndinabwerera kunyumba ngati munthu wowina mlandu. Mng'ono wanga sindinamuuze, chifukwa chikondi chinali chitamutseka m'makutu. Ndinadikira chinkhoswe.

Kutatsala masiku awiri, amayi a kumpingo anabwera kudzaphika thobwa mumgolo. Mthiko wathu unachepa, sunkafika pansi. Ndinalowa m'nyumba ya mng'ono wanga iye ali kumjigo, n'kutsitsa chimtengo chija pamene anachipachika, n'kuwapatsa amayiwo. Palibe anadabwa. Anangoyamikira kuti umenewu ndiye mthiko, wogwirika bwino m'manja. Ndinene zoona, thobwa unatakasa bwino kwambiri. Koma wina anautsamiritsa pafupi ndi mafuwa, ndiye nsonga yake inapsa mbali imodzi n'kung'aluka.

Chakumasana mwini wake anatulukira pa njinga. Ndinakweza mawu kuti onse amve.

"Alamu, tabwerani mutisonyeze kubaya, kukoka ndi kuzula kuja! Nyanja yake ndi iyi!"

Amayi anafa nacho chiseko. Ine ndinkayembekeza kuti aseka nawo mwamanyazi, monga amachitira wabodza akagwidwa, kapena ayamba kulalata. Sanachite zonsezo. Anazula chimtengocho mumgolo, n'kuchitsuka ndi madzi a mundowa, n'kuchipukuta ndi malaya amene anavala. Anayendetsa chala pamng'alu paja kawiri.

"Alamu, mukanangonena kuti simukundifuna pano," anatero motsitsa mawu.

Anachimangirira panjinga n'kumapita. Ngakhale pamenepo ine ndinkati ndi sewero chabe. Mng'ono wanga anali ataima ndi ndowa pamutu, ndipo anaona zonse. Sanandilankhule tsiku limenelo kapena mawa lake. Chinkhoswe chinalephereka, thobwa anangomwa anansi.

Sabata yotsatira ndinapita kumsika ndikufuna munthu wonditsimikizira kuti ndinachita bwino. Ndinawafotokozera bambo a matemba aja, iwo n'kuseka mpaka kugwira m'mimba.

"Nanga inuyo mukakwera bwato mumakhala kutsogolo kapena kumbuyo?" ndinafunsa.

"Ine bwato? Aaa, mayi, madzi ndimawaopa ine. Ndimagulira padoko, n'kumanga katundu wanga, basi ulendo. Chibadwire sindinapondemo."

Mboni yanga yonse inali munthu wa kumtunda ngati ine ndemwe, wodziwa nyanja poyiyang'anira patali. Panjira ndinadzilimbitsa mtima kuti kusadziwa kwa bambowa sikukutanthauza kuti winayo ankanena zoona, ndipo nkhafi aliyense angathe kugula.

Nditafika ndinapeza mng'ono wanga atamanga kale katundu wake m'chitenje.

"Iwe, ukupita kuti? Munthu amene sukudziwa n'komwe kwawo?"

"Kwawo ndikakuona ndekha, achemwali. Inu mumaopa dimba lanu. Ilo, limani."

M'banja mwathu munali musanachitikepo zoti mkazi apite chitengwa, kukakhala kwa mwamuna. Iye ndiye anayamba, ndipo amene ndinamutumiza ndine.

Amaimba foni mwa apo ndi apo, makamaka kukagwa maliro, ndipo za mwamuna wake sanditchulira. Chaka chatha ananditumizira chithunzi chopanda mawu. Panali mabwato angapo ali pamzere, anthu ambiri pagombe, ndi alamu anga kumbuyo kwa bwato limodzi atakweza nkhafi. Khalidwe silitha msanga: ndinachikulitsa ndi zala, kufunafuna poti mwina achisokerera, poti masiku ano zithunzi nazo zimanama. Ndinayang'ana nkhope, madzi, ndi mithunzi. Kenaka ndinafika kunsonga kwa nkhafi, ndipo inali yakuda mbali imodzi, mng'alu uja ataumanga ndi kachigamba ka lata.

Foniyo ndinaiika m'thumba n'kutsikira kudimba. Dimbalo lilipo lonse, palibe walanda ngakhale mzere umodzi. Kungoti ndekha sinditha kulithirira, ndiye mbali imene ankalima mng'ono wanga inamera bango.