Thuu pa Teni

Dorika anabadwira kufupi ndi Kabwazi, m'banja lolima mbatata ya kachewere ndi kabichi, ndipo anakwatiwa ku Kasina asanamalize pulayimale. Mwamuna wake, a Vinsenti, sankagwirizana ndi khasu. Chaka china mbatata italola, anagulitsa matumba onse n'kubwera ndi kanema, masipika awiri ndi jenereta yotsokomola. Anachita lendi chinyumba chopanda mawindo pamsika, n'kuikamo mabenchi a matabwa otsala kwa ocheka a ku Phiri la Dedza. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kuwatcha a Vidiyo. Dorika, amene analima mbatatayo, anakhalabe make Alvin.

Ntchito anaigawa eni ake a Vinsenti. Iwo ankakhala kutsogolo ndi limoti m'manja, poti makina amafuna munthu wodziwa. Zotsalazo zinagwera Dorika: kusesa makoko a mtedza ndi a nzimbe, kuwaza madzi pansi kuti fumbi ligone, kutunga, kuwaza nkhuni, kusenda mbatata ya tchipisi choti oonera azigula potuluka. Filimu ikayamba, malo ake anali pakhomo. Chitseko sichinkatsekedwa chifukwa anthu akanabanika, choncho panali chinsalu chakuda, ndipo wina ankayenera kuima panja n'kuchigwira kuti mphepo ya m'mapiri muno isachikupize, kuwala kusalowe, komanso osalipira asasuzumire. Wogwira chinsalu amayang'ana kumsika, kanema amakhala kumsana kwake.

Matepi anatha, kunabwera madisiki. Madisiki anatha, kunabwera fulashi, kachipangizo konga chala kamene kamanyamula mafilimu ambiri nthawi imodzi. Jenereta inafa, padenga panakwera sola. Dorika anali pomwepo, dzanja limodzi pachinsalu, lina likutakasa m'chiwaya. Mafilimu onse ankawadziwa ndi makutu. Ambiri ankabwera atamasuliridwa kale m'Chichewa ndi anyamata a m'tauni, munthu mmodzi kulankhulira onse, wakuba, wapolisi, namwali ndi galu yemwe. Koma kukhala pabenchi n'kuona filimu kuchokera poyamba mpaka pomaliza, Dorika anali asanachitepo.

Zopereka malikisi anaziyambitsa a Zefaniya, amene anapuma uphunzitsi koma dzanja linkawayabwabe kuchonga. Filimu ya masana ikatha, iwo ndi a Kizito, wocheka matabwa wa mawu ngati ng'oma, ankaima pachiwaya cha Dorika pamodzi ndi a Vinsenti n'kuyamba kuzenga mlandu. Anthu ankawazungulira kuti amve.

"Ya leroyi eyiti pa teni," ankatero a Kizito, akutola tchipisi chimene sanagule. "Mtchaina uja wamenya anthu ndi benchi, amwene!"

"Eyiti wa chiyani? Munthu awomberedwa pachifuwa n'kudzuka kukakwatira? Sikisi basi."

"Inu aphunzitsi, n'chifukwa chake ana ankakuthawani."

Zinkamveka ngati macheza chabe, koma a Vinsenti anazisandutsa lamulo: filimu yolephera kufika faifi ichoke pafulashi, ibwere ina. Mafilimu ankaikitsa ku boma la Dedza, kusitolo ya a Harun, ogulitsa mafoni ndi matchaja. A Vinsenti sakanasiya makina okha. Choncho a Zefaniya akangoti "firii", miyendo ya Dorika inkadziwiratu. Mawa lake ankalawirira, kusesa, kusenda mbatata n'kuiviika m'madzi, kuyenda wapansi mpaka kumsewu wa phula, kudikira minibasi, n'kubwerera msanga chinsalu chisanasowe wochigwira. Oweruzawo sanafunsepo kuti mafilimu atsopano amafika bwanji.

M'nyengo yozizira ya chaka chatha kunabwera filimu ina yachilendo. Dorika anaizindikira itangoyamba. Munalibe mfuti kapena kulira kwa matayala. Munkamveka madzi akuthiridwa mu ndowa, tsache, chitseko, kanyimbo kapansipansi. Womasulira uja, amene nthawi zonse sapuma, ankakhala chete nthawi yaitali, kenaka n'kuponya nthabwala yosakoma. Nkhani yake inali ya mayi wa kudziko lina amene mwana wake wamwamuna anapita kumzinda waukulu n'kusiya kutumiza mawu.

Dzanja la Dorika linaleka kutakasa. Alvin wake anapita ku Joni, ndipo nambala imene anasiya inali itasiya kugwira kalekale.

Anasendeza khutu kuchinsalu. Anamva munthu akuuza mayi uja kuti mwana wake waonedwa pamalo okwerera basi. Anamva mayiyo akutseka chitseko. Pomwepo m'nyumbamo munabuka phokoso.

"Sinthani! A Vidiyo, sinthani! Tabwera kumaliro kodi?"

A Vinsenti anadina limoti. Posakhalitsa munayamba kumveka zibakera.

Potuluka, a Kizito ankayasamula mokokomeza. "Ine ndagona mpaka kulota ndili m'nkhalango. Filimu yanji yopanda ngakhale mbama imodzi?"

"Palibe chikuchitika," anatero a Zefaniya. "Mayi uja akungozungulira panyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Thuu pa teni. Ndipo thuu ameneyo ndi wa nyimbo."

"Nanga mwana uja anamupeza?"

Onse anatembenuka. Dorika sankalowerera nkhani zimenezi.

"Ee, alamu, mwayamba liti kuchonga?" A Kizito anaseka mpaka kutsamwa. "Ndani wafika kumeneko? Tadula pakati."

"Ndiye mwapereka bwanji malikisi musanaimalize?"

"Mayi," anatero a Zefaniya mofatsa, ngati akulankhula ndi mwana wa sitandade wani, "dzira lovunda sitichita kulidya lonse kuti tidziwe. Inu tipatseniko kamchere."

Anawapatsa mcherewo.

Anthu atabalalika, anapita kwa mwamuna wake, amene ankakulunga mawaya.

"Abambo a Alvin, mawa m'mawa mundiikireko ija mwadulayi. Ndingoona mmene yathera."

"Ndi batire iti? Simukuona chifunga chimenechi? Dzuwa silinatuluke sabata yonse. Kamoto kalipoka n'ka makasitomala."

"Kumapeto kokhako."

"Make Alvin, mwakula. Mawa ndi Lachisanu, mulawirire ku boma. Muwauze a Harun achotse zolirazo, aike zandewu. Loweruka kubwera anthu."

Anazula fulashi n'kumupatsa, limoti n'kuika m'thumba la jekete.

Mawa lake Dorika sanafulumire monga mwa masiku onse. Ankadziwa kuti Lachisanu masana a Harun amapita kumzikiti, ndipo m'sitolo mumatsala mkazi wawo, Raheema. Kunena zoona, ngakhale masiku ena amene ankagwira kompyuta anali Raheema yemweyo. A Harun ankalandira anthu ndi kucheza nawo za mpira. Dorika anazungulira mumsika mwadala, n'kufika pasitolo amuna atayamba kale kulowera kumzikiti.

Anamupeza Raheema atabereka mwana, lichero la mpunga lili pamiyendo, chitseko chili chotseka mbali imodzi.

"Mayi a ku Kasina! Lero mwachedwatu. Aphunzitsi anu alepheretsanso iti?"

"Ya mayi wosowa mwana ija. Akuti thuu."

"Thuu! Koma abambo amenewo." Raheema anatambasula dzanja kuti alandire fulashi, koma Dorika sanaipereke msanga.

"Make Salma, musanaifufute, ndingaioneko? Kwathu sindiona."

"Simuona bwanji, vidiyo ndi yanu?"

"Ndimagwira chinsalu."

Raheema anamuyang'ana kanthawi. Kenaka anakankha katoni ya matchaja ndi phazi. "Khalani apa. Tiyambe poyamba kapena pamene anadula?"

Dorika anaganiza. Nzeru inali yoyambira pamene anadula. Koma anali asanaonepo nkhope ya mayi uja, ndipo sanafune kukumana naye pakati pa njira ngati mlendo.

"Poyamba," anatero.

Mayi wa m'filimuyo anali wamng'ono thupi kuposa mmene Dorika ankaganizira, wa tsitsi la imvi ndi zala zotupa m'mfundo. Anadzuka kunja kusanayere n'kukoleza moto. Anatunga madzi. Anasambitsa apongozi ake odwala, kuwatembenuza, kuchapa zofunda zawo. Anaphikira amuna atatu amene anadya osamuyang'ana, n'kutsuka mbale zawo. Anasoka malaya, anadyetsa mbuzi, anakwera padenga kukatseka podontha. Womasulira sanatchule chilichonse mwa zimenezi. Pamene mayiyo ankasenza mtolo wa nkhuni kukwera chitunda, iye ankapereka moni kwa anzake a ku Lilongwe ndi kutsatsa nambala yake ya foni.

"Ndiye aphunzitsi akuti chiyani?" anafunsa Raheema, maso ali pakompyuta, zala zikusankha mpunga.

"Akuti palibe chikuchitika."

Raheema anaseka kamodzi kokha, kuseka kouma. "Mayi ameneyu sanakhale pansi chiyambireni."

"Wakhala kamodzi. Posoka paja."

Mwana analira, Raheema anamutembenuzira kutsogolo n'kumuyamwitsa. Munthu wina anagogoda kufuna mayunitsi, Raheema anamuthandiza n'kubwerera. Dorika sanasunthe. Msana wake sunazolowere kukhala wopanda chochita, ndipo manja ankangofunafuna pogwira. Anafika paja munthu akuuza mayiyo za malo okwerera basi. Tsopano anaona zimene makutu sanamuuze: mayiyo asanatseke chitseko, anayamba waphikiratu chakudya cha amuna aja n'kuchivundikira, n'kupempha mnzake woyandikana naye kuti aziona apongozi. Kenaka anatuluka. Anakwera basi. Anatsika mumzinda wa anthu ambirimbiri, atagwira chithunzi cha mwana wake.

Chitseko cha sitolo chinatseguka chonse. Anali a Harun, kumbuyo kwawo kuli anthu ofuna kuikitsa nyimbo m'mafoni.

"Mayi Vidiyo, mwaswera bwanji? Lero mwasanduka kasitomala?" Anali munthu waulemu, ndipo analankhula akumwetulira. "Pepanitu, kompyutayi ndi ya ntchito. Onani anthuwa."

"Yatsala pang'ono, bambo," anatero Raheema.

"Pang'ono pa filimu ndi ola lathunthu. Mpunga wapsa?"

Raheema anaimitsa filimu. Pagalasi panatsala mayi uja ataima pakati pa msewu, pakamwa pali potsegula ngati akuitana munthu. Fulashi inali yodzaza, ndipo kuti zandewu zilowe, filimuyo inayenera kuchoka. Raheema anaifufuta.

"Musadandaule, mayi," anatero a Harun. "Mu kompyutamu ilimo. Mudzamaliza ulendo wina."

Dorika anafika ku Kasina anthu atayamba kale kusonkhana pakhomo. A Vinsenti sanafunse za ulendo. Anangoti moto wa chiwaya sunayatsidwe.

Zandewu zija zinakondedwa koopsa. A Kizito anapereka naini. A Zefaniya, amene sanaperekepo naini chibadwire, anapereka seveni ndi theka. Sabata inatha, ina inatha, mafilimu omwewo akubwerezedwa, anthu akudzaza. Panalibe chifukwa chopitira ku boma. Dorika, amene zaka zonsezi ankaopa malikisi otsika ngati matenda, anayamba kuwadikira. Filimu ikatha ankatchera khutu.

"Lero bwanji, aphunzitsi? Sinakutopetseni?"

"Ayi, mayi, iyi ndiye filimu. Sikisi."

Tsiku lina anayesa kunena kuti fulashi ikuoneka ngati yayamba kuvuta. A Vinsenti anaipemerera, kuipukuta pamalaya, n'kuibwezera. Inagwira.

Kunja kunayamba kutentha, anthu anayamba kusosa m'minda. Ndipo pamapeto pake inapezeka ina ya maloboti imene a Kizito sanaimvetse. "Zitsulo kumenyana ndi zitsulo, magazi osatuluka? Foro!" A Zefaniya anavomereza. Linali Lachiwiri, koma Dorika anauza mwamuna wake kuti mwendo ukumupweteka, apita Lachisanu. A Vinsenti anang'ung'udza masiku onsewo.

Lachisanu anafika pasitolo nthawi yomwe ija. Raheema anali akupukuta mashelefu. Atamuona, anasiya kansaluko, koma sanakankhe katoni.

"Mayi a ku Kasina, khalani kaye."

"Tiyambire pamsewu paja. Lero sindibwerera kumayambiriro."

"Mulibe."

Dorika anaimabe.

"Kompyuta inadzaza. Bambo anati tichotse zonse zimene anthu safuna. Ndinawauza kuti iyo ikhale, anati boma lonse lino palibe anaipemphapo, kupatula inu, ndipo inuyo munabwera kudzaichotsa. Ndinafunsa kwa mnyamata amene amatitumizira kuchokera ku Lilongwe. Akuti sakuikumbuka."

"Dzina la filimuyo?"

"Inangolembedwa nambala."

Panja minibasi inkaitanira anthu a ku Linthipe. Dorika anakhala pakatoni paja yekha, fulashi ili m'manja.

"Koma inu munaimaliza, make Salma. Ingondiuzani. Anamupeza?"

Raheema anatola kansalu kake n'kukapinda pawiri.

"Ndinaiyatsa Lachisanu lotsatira. Mayi uja anafika pachipata cha fakitale ina, mlonda anamuuza kuti adikire. Ndiye kunabwera alendo a bambo ochokera ku Salima, ofunika tiyi." Anatambasula dzanja. "Bweretsani fulashiyo. Akuti tiike zotani?"

"Zandewu," anatero Dorika. "Za magazi."